Chaka chimene matimati anavala velo

Chaka chimenecho tonse a m'mbali mwa dambo tinabzala matimati. Chinatikopa n'chakuti chaka cham'mbuyo mwake bambo wina wa kumunsi kwa mudzi anadzaza dimba lake ndi matimati okhaokha, ndipo pokolola anafolera nyumba yake ndi malata, n'kugulanso njinga yamoto. Palibe amene anauza mnzake kuti nayenso atero. Aliyense ankafesa mbewu zake mwakachetechete kuseri kwa nyumba, akudziona ngati wochenjera yekha. Tinadzazindikirana mwezi wa Seputembala, dambo lonse litafiira psuu kuyambira kumtunda mpaka kumlatho.

Ine kwathu ndi ku Vubwi, kufupi ndi malire. Amuna anga ananditenga chitengwa kubwera nane kumudzi kwawo, chakuno ku Sinda. Pakhomo tinkakhala ndi apongozi anga aakazi, amene ankayankhula Chichewa akakondwa ndi Chinsenga akapsa mtima, komanso mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga. Mlamuyu anali telala. Makina ake osokera ankakhala pakhonde, ndipo mapazi ake akayamba kupalasa, pakamwa pakenso pankayamba. Sankatha kuona chinthu osachifunsa funso.

Ulendo woyamba tinakweza mabokosi pa galimoto ya kanta kupita nawo kumsika ku Katete. Titatsitsa, ndinaona kuti anzathu a kumidzi ina anali atafika kale, milu ya matimati ili ndandanda mpaka kumsewu. Mayi wina wopikula anasuzumira m'bokosi langa, osagwira n'limodzi lomwe.

"Amai, lelo tomato yapaka maningi," anatero, kunena kuti matimati achuluka. "Olo mahala sinitenga."

Tinabwerera nawo ambiri, ena ataphulika kale m'njira, madzi akudontha m'mabokosi. Tinapatsa nkhumba. Masiku oyamba zinkalimbirana, koma posakhalitsa zinayamba kungonunkhiza n'kutembenuka, n'kukagona pamthunzi. Amuna anga anaima pakhola nthawi yaitali akuziyang'ana, kenako anati: "Ngakhale inu?"

Lamulungu lotsatira, titabwera kutchalitchi, mlamu anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango, n'kuika lichero lodzaza matimati pakati. Ena mwa iwo anali ofewa kwambiri moti chala chinkalowa. Anatiitana tonse.

"Lero tikambe za alendo athuwa," anatero. "Aliyense anene chimene chabwera m'mutu mwake, chanzeru kaya chopusa. Chopusa ndiye chiyambe, chifukwa chanzeru chimachita manyazi, chimadikira anzake atsogole. Koma lamulo ndi limodzi: amene ati anene kuti 'sizingatheke' adya tomato wofewayu, wosathira mchere."

"Zimenezo ndiye sizingatheke," amuna anga anayankha.

Mlamu anasankha lofewetsetsa n'kuwapatsa. Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga, mkulu wa mpingo wathunthu, anadya madzi akutsikira m'chigongono, ndipo atapukuta pakamwa anati popeza zafika pamenepa, iwo akuganiza kuti titcheze kachasu wa matimati. Apongozi anawaponyera mawu a Chinsenga amene sindingawalembe pano. Mlamu anati iye akufuna kunyika nsalu zoyera m'madzi a matimati kuti azisoka madiresi ofiira. Ine ndinati tipake nyumba yonse, anthu odutsa aziyesa sitolo. Tinaseka, koma ndinaona kuti kusekako kunatimasula. Chibwerere ku Katete sitinakambepo za matimati popanda kukwinya nkhope.

Pang'onopang'ono zanzeru zija zinayamba kutuluka. Apongozi anakumbuka kuti kale ankakwirira phwetekere m'phulusa lozizira, ndipo ankakhalitsa ndithu. Ine ndinakumbuka amayi a kutsidya kwa malire, ku Mozambique, amene ndinkawaona ndili mtsikana akuphika matimati mpaka kukhala phala n'kuwatsekera m'mabotolo. Sindinkadziwa bwino mmene ankachitira, koma ndinanena molimba mtima ngati ndinaphunzira kwa iwo.

Tili pafupi kubalalika, apongozi anadzuka akugwira m'chiuno, n'kung'ung'udza okha kuti: "Ukanakhala nkhwani uwu, bwenzi titangofutsa."

Mlamu anawagwira chitenje. "Amayi, mwati chiyani?"

"Ndati ukanakhala nkhwani."

"Nanga anakuuzani ndani kuti zofutsa ndi masamba okha?"

Apongozi anayang'ana lichero lija.

Tinagwirizana kuti tisasankhe njira imodzi. Mlamu ankati nsalu yosadziwika sudula yonse, umayamba wadula kachidutswa n'kukachapa uone ngati isuluka. Choncho tinayesa zonse zitatu pang'onopang'ono: chigubu cha phulusa kwa apongozi, mabotolo kwa ine, kuyanika kwa mlamu.

Mabotolo anga ndiwo anayamba kuyankha. Ndinaphika phala labwino, lofiira, ndinathira m'mabotolo a zakumwa, n'kutseka ndi zitsononkho za chimanga. Ndinawandandalika pawindo la kuchipinda, pafupi ndi pamene amuna anga ankakoloweka malaya awo oyera a kutchalitchi. Tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, tikusenda mtedza pabwalo, tinamva phuu! m'nyumba, kenako phuu! kachiwiri. Titalowa tinapeza zitsononkho zili pansi, phala lili kudenga, ndipo malaya aja ali ndi maluwa ofiira kuyambira pakolala mpaka m'matumba. Fungo lake linali la mowa weniweni.

"Alongo, kachasu wanu uja wapsa," mlamu anatero.

Malayawo anawasandutsa zovala za mapilo, ndipo anasokera alongo ake ena atsopano.

Phulusa la apongozi linagwira ntchito ndithu. Matimati amene anakwiriridwa asanapsetse anakhala nthawi yaitali, khungu lokha n'kuchita makwinya. Vuto linali lakuti kuti tikwirire dimba lonse tikanafunika kutentha nkhalango. Tinasiya njirayo kuti ikhale ya ndiwo za pakhomo.

Kuyanika ndiko kunativutitsa. Poyamba mlamu anayanika athunthu pamphasa, ndipo anangophikika m'kati n'kuola. Anawadula pakati n'kuwaika padenga la malata. Kumeneko anamatirira, pochotsa n'kumatuluka ndi dzimbiri, ndiponso nkhuku zathu, zimene chibadwire sizinaulukepo, zinaphunzira kuuluka. Anawabwezera pamphasa, iye n'kukhala pambali ndi kamtengo kuingitsa nkhuku. Ntchentche zinabwera za mudzi wonse. Madzulo ake kamvuluvulu anadutsa pabwalo n'kuwathira mchenga ndi zinyalala.

Ine pamenepo ndinali nditatopa. Ndinakhala pakhonde pafupi ndi makina ake, ndikuyang'ana kudambo kumene matimati ena ankagwa okha m'mitengo, ndipo ndinati mwina tingovomereza kuti chaka chino tagwa nayo.

Mlamu sanasiye kupalasa. Ankasoka yunifolomu ya mwana wa sukulu, mapini ali pakamwa. Atawachotsa anati: "Alamu, tiyeni tiyambire kumchira. Tiyerekeze kuti wina watilemba ganyu yoti tioletse matimati msangamsanga. Mungatani?"

"Ganyu yake ndiye yopepukatu."

"Nenani."

"Ndingawaunjike mulu umodzi."

"Eya. China?"

"Ndingawasiye ndi madzi awo onse, njere zili momwemo. Ndingawaike pansi pamene mphepo sipita. Ndingaitane ntchentche. Usiku ndingawasiye panja kuti mame awagwere."

"Basitu, mwamaliza," anatero. "Tsopano tembenuzani chovalacho, msoko ukhale kunja."

Ndinayamba kutembenuza chimodzichimodzi, ndikuwerenga ndi zala. Osaunjika, koma kutalikitsa. Kudula mopyapyala, kufinya njere, kuwaza kamchere kuti madzi atuluke. Kuwakweza m'mwamba kuti mphepo izipita pansi ndi pamwamba. Ndikunena zimenezi maso anga anagwera pa thandala lathu loyanikapo mbale, limene linali pomwepo pabwalo masiku onsewo, mbale zikuuma bwinobwino ife tikuvutika ndi mphasa. Ndinangoloza. Mlamu anaimitsa makina.

Mawa lake amuna anga anadula nsungwi ndi bango, n'kutimangira thandala lalitali kuseri kwa nkhokwe, kumene dzuwa limakhala tsiku lonse. Zinatsala ntchentche ndi fumbi. Chitenje chinkatchinga dzuwa. Thumba la feteleza linkatchinga mphepo. Masikito a udzudzu apongozi anakaniza, ati muli mankhwala, ndipo sangadye ndiwo zogona m'masikito ngati munthu. Mlamu analowa m'nyumba, tinamva akufwanthula m'sutikesi, ndipo anatuluka ndi mtolo wa nsalu yoyera yoonekera, yamabowo ang'onoang'ono. Zinali zotsala za mavelo a akwatibwi onse amene anawasokera zaka zimenezo. Analumikiza zidutswazo pamakina, zina zili ndi maluwa, zina ndi timikanda tonyezimira m'mphepete, ndipo tinafunditsa thandala lonse.

Kunena zoona, chinkaoneka bwino. Mphepo ikaomba, velo lija linkakwera n'kutsika, matimati ofiira akuonekera m'kati. Amayi opita kumjigo anayamba kulambalala njira kuti adutse pakhomo pathu.

"Odi kuno! Tamva kuti kuli ukwati. Mkwati ndani, anyezi?"

"Tikudikira kapenta wa ku Chipata," mlamu ankayankha, akunena tinsomba touma tija. "Akubwera pa basi."

Mayi wina anafika mpaka poimba nyimbo ya ukwati, akuvina mozungulira thandala ndi ndowa pamutu. Apongozi anamulowera m'bwalo, n'kumaluluta.

Nyerere ndizo zinabwera ku ukwatiwo osaitanidwa. Zinakwera ndi miyendo ya thandala. Apa apongozi anatulutsanso phulusa lawo, n'kuthira mozungulira mwendo uliwonse, ndipo anayenda monyada tsiku lonse. Dzuwa likapendeka tinkanyamula matimatiwo m'malichero kulowetsa m'nyumba, m'mawa n'kuwatulutsanso. Patapita masiku angapo anauma, anakhala ofiira moderako, opindika ngati chikopa. Ndinaluma limodzi. Linali lotsekemera kuposa laliwisi, lowawasa pang'ono kumapeto.

Amuna anga, amene poyamba ankangothandiza chifukwa chowatuma, tsopano nkhaniyi inawalowa m'magazi. Ankati kuumako kukuchedwa, ndipo dimba silidikira. Anatenga lata lakale, analidetsa ndi makala osakaniza ndi mafuta, analiika pansi pa thandala kuti lizikoka kutentha, kenako anakuta zonse ndi pulasitiki yoonekera, n'kumanga ndi malegeni mpaka osasiya mpata. Anatiitana kuti tidzapise dzanja. Munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa.

M'mawa mwake pulasitiki yonse inali ndi thukuta m'kati, madontho akugwera pa matimati. Tsiku linalo anayamba kuchita chuku. Tinataya matimati a thandala lathunthu.

Amuna anga sanadye bwino tsiku limenelo. Anakhala pachitsa pafupi ndi khitchini, chipewa chili pabondo. Ine ndinali m'kati ndikukazinga mtedza, nkhuni zili zaziwisi, utsi uli tolo. Mwadzidzidzi ndinawaona aima pakhomo, akuyang'ana kudenga.

"Mayi a ana, utsiwu umatulukira pati?"

"Pamwamba apo, pampata wa udzu. Simunauonepo?"

"Nanga mphepo imalowera pati?"

"Pakhomo pamene mwatsekapo inupo. Tasunthani, ndikutsamwa."

Anasuntha, koma molunjika kuthandala. Anang'amba pulasitiki m'munsi mbali imodzi, anang'ambanso pamwamba mbali inayo, ndipo mlamu anasokerera zidutswa za velo pamabowo onse awiri kuti ntchentche zisalowe. Ukaika dzanja pabowo lapamwamba unkamva mpweya wotentha, wachinyezi, ukutuluka. Kuyambira pamenepo matimati ankauma msanga, osada, osachita chuku. Tinagwira ntchito imeneyo mpaka mitambo yoyamba ya mvula, zala zathu zitasanduka zofiira, mipeni itabuntha. Sitinapulumutse dimba lonse. Mwina theka linaolera komweko. Koma ndowa zathu zonse za zivindikiro zinadzaza, ndipo tinabwereka zina.

Mvula itakhazikika, matimati anasowa monga amachitira chaka chilichonse. M'madimba munadzaza madzi, ndipo ochepa a kumunda anagwidwa ndi matenda a masamba. Mwezi wa Febuluwale ine ndi mlamu tinakwera minibasi ya ku Katete ndi ndowa imodzi. Tinapita kwa mayi wina amene ali ndi kalesitilanti kuseri kwa msika, kumene amadyera madalaivala ndi makondakitala. Anatsegula ndowa, anatola limodzi ndi nsonga za zala, n'kuliyang'anitsitsa.

"Ivi ni vichani? Makutu ya mileme?"

Atsikana ake otsuka mbale anaseka. Mlamu anafuna kuyamba kufotokoza, koma ndinamugwira mkono. Ndinapempha madzi ofunda m'kambale, kapoto, anyezi ndi kapenta pang'ono. Mayiyo anandilozera mbaula ndi chibwano, ngati akuti tione. Ndinaviika matimati aja mpaka atafewa, ndinawaduladula, n'kukazinga. Fungo litayamba kutuluka, dalaivala wina amene ankasamba m'manja panja anasuzumira pawindo n'kufunsa kuti ndiwo zimenezo zipsa nthawi yanji. Mayi uja analawa ndi supuni, analawanso. Kenako anakankhira ndowa ija pansi pa tebulo lake ndi phazi.

"Muli navo vingati ku nyumba?" anafunsa.

Pobwerera mlamu anayankhula njira yonse, mpaka kondakitala anamufunsa ngati ali pa kampeni.

Chaka chotsatira amayi a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu anabwera kudzaona thandala, ndipo ambiri anakamanga awo. Mavelo anasowa m'mudzi. Ena anagwiritsa ntchito makatani akale a mawindo. Wina anayamba kusinja matimati ouma mumtondo n'kukhala ufa wothira m'ndiwo, zimene ife sitinaziganizepo.

Kwathu ku Vubwi nkhaniyi inafika pa foni. Mkazi wa mchimwene wanga, amenenso ndimamutcha mlamu, anandiimbira kuti mango akuolera pansi, nkhumba zatopa nawo, kodi thandala lathulo silingaumitsenso mango? Ndinamufotokozera kamangidwe kake, koma netiweki ya kumeneko imabwera ndi mphepo n'kupita ndi mphepo. Mawu ena ankamva, ena ankangodzazamo yekha.

Nditapita kukacheza, ndinatenga mlamu wanga telala uja kuti akaone kwathu. Tinapeza chinthu chachilendo kuseri kwa nyumba ya mchimwene wanga. Pamene ine ndinati bowo limodzi likhale m'munsi, lina pamwamba, iye anamva kuti thandala lenilenilo likhale mbali imodzi pansi, ina m'mwamba. Choncho analimanga mopendekeka, motsamira chulu, ngati munthu wokhala pampando wa ndalema. Lata lakuda analiika kumunsi kokha, poyera, ndipo zoyanika zinali kumtunda.

Ndinayamba kuseka. "Alamu, si mmene ndinanenera ine!"

"Ndiye mmene ndinamvera," anayankha. "Koma zikuumatu. Mvula ikabwera madzi amangotsetsereka pa pulasitiki, sindithamanganso."

Telala uja sanaseke nawo. Anazungulira chinthucho, anagwada kumunsi, anaika dzanja pabowo lapamwamba, n'kulichotsa msanga. Mpweya unkatuluka mwamphamvu, ngati wina akuupemerera. Anatola kachidutswa ka mango ouma, anatafuna, n'kundiyang'ana.

"Alamu, thandala lathu lija ndi logona. Ili ndi lodzuka. Kutentha kumakonda kukwera phiri."

Anapempha ulusi kwa mwini nyumba n'kuyamba kuyeza kupendekeka kwake, akumanga mfundo paliponse pofunika. Mkazi wa mchimwene wanga anaima pambali manja ali m'chiuno, akufunsa ngati walakwitsa kapena wakhoza, ndipo palibe amene anamuyankha msanga chifukwa tonse pakamwa panali podzaza mango.

Titabwerera ku Sinda, tisanamwe n'madzi omwe, mlamu anapatsa alongo ake ulusi wamfundo uja n'kuwauza kuti azule miyendo iwiri ya thandala aifupikitse. Amuna anga anauzunguza ulusiwo m'manja, anandiyang'ana ine, anayang'ana thandala limene ankalinyadira kwa alendo onse, n'kupita kukatenga chikwanje.